PHUNZIRO LA MWEZI UNO: ZA KUCHEZA KU DZIKO LA ENI PAKUMVEKA MBIRI YA CHIPOLOWE

Masiku ano ambiri a ife atuluka m'dziko osati kukafuna nchito kokha, komanso kukaona malo, monga nyanja ya mchere ku Beira ndi ku Pemba, kapena chisumbu chakale cha Ilha de Moçambique. Nkwabwino kutero. Koma popeza dziko la Mozambique laona mabvuto kawirikawiri, tiyeni tiphunzirepo umo mlendo adzisungira.

Choyamba, pakumva mbiri ya nkhondo, funsani kuti iri kuti, ndipo ndi ya mtundu wanji. Pakuti nkhondo yokhala dera limodzi isiyana ndi chipolowe choyendayenda. Nkhondo ya ku Cabo Delgado inayamba mu October 2017 pa Mocímboa da Praia, ndipo mu March 2021 zigawenga zinalowa mu Palma, nizipha eni dziko ndi alendo omwe. Maloawa ali kumpoto kutali, kufupi ndi malire a Tanzania. Munthu wopita ku Tete sayandikako konse. Nkhondo yotere muilambalala pakungosapitako.

Chipolowe sichitero. Chitatha chisankho cha pa 9 October 2024, anthu anakangana za mavoti, ndipo moto unabuka m'midzi yaikuru yambiri. Anyamata anatseka miseu ndi miyala ndi matayala oyaka. Apolisi anaombera mfuti. Mu November a ku South Africa anatseka chipata cha Lebombo kwa kanthawi. Pa 23 December bwalo lalikuru linatsimikiza kuti Daniel Chapo ndiye wapambana, ndipo ukali unakula, kotero kuti anthu oposa 10,000 anathawira kwathu ku Nsanje. Taonani, mseu umene unali wabwino m'mawa unatsekeka madzulo ache. Chifukwa chache ine nditi: musaike ulendo wanu wocheza pa masabata a chisankho, kapena pa tsiku lolengeza opambana. Nyanja ya mchere sidzaphwa mukazengereza mwezi umodzi.

Safunsa anadya phula. Funsani oyendetsa mabasi ndi malole amene afika kumene pa Mwanza kapena pa Dedza, pakuti iwo aona ndi maso. Mbiri ya pa foni nthawi zina ikhala ya chaka chatha. Opita ku Harare kapena ku Joni adziwe kuti njira ya pa Zobue, Tete ndi Nyamapanda siiri yokha. Iripo yina ya pa Mchinji, Chipata, Lusaka ndi Chirundu; njotalika ndi yodya ndalama, koma ilambalala Mozambique yense.

Mukafika, yendani usana. Mukaona khamu la anthu opfuula, bwererani, musaime kuti muonerere. Ndipo makamaka musajambule asilikari kapena apolisi. Ichi ndichinena kwa anyamata athu, amene dzanja lao lithamangira ku foni asanaganize. Za ndale za eni musatsutsane nazo pa basi kapena pa msika, ndipo nsaru ya chipani chiri chonse muisiye kunyumba.

Pasipoti ikhale pathupi panu, ndi chifanizo chache papepala m'thumba lina. Ndalama muzigawe pawiri kapena patatu. Pa chipolowe chija intaneti ya m'mafoni inadulidwa masiku ena, ndipo amene anadalira foni yokha anasowa pogwira. Tsono lembani papepala manambala a abale anu, a nyumba imene mugonamo, ndi a ofesi ya kazembe wa Malawi ku Maputo. Amene mwagula inshuwalansi ya ulendo muwerenge mau ache onse musananyamuke, pakuti zambiri sizilipira zoipa zochokera ku nkhondo kapena chipolowe. Ndipo wina wa kumudzi adziwe tsiku limene muyenera kufika pa malo ali onse, kuti mukachedwa ayambe kufunsa.