Foni idziwa dzina la katundu, koma za m'thumba ayi

Kuyambira ku Mponela ndi Madisi mpaka kwa Malomo ku Ntchisi, malonda ambiri masiku ano akuyambira pa chithunzi. Wina atumiza pa WhatsApp thumba la soya kapena botolo la mankhwala a mbozi, winayo n'kuyamba kunenerera mtengo katunduyo asanamuone.

Amene ali ndi foni ya intaneti angathe kufufuza chithunzi chotere ndi Google Lens, pulogalamu yomwe inatuluka mu 2017. Imafananiza chithunzicho ndi zina zambirimbiri za pa intaneti, kenaka n'kunena chomwe chikufanana nacho. Imagwira bwino pa katundu wokhala ndi zolemba: paketi ya Actellic, batire la foni, sipeya wa njinga yamoto ya kabaza wodindidwa nambala. Imamasuliranso malangizo olembedwa m'Chitchaina kapena Chipwitikizi, zomwe zingapulumutse wogulitsa mankhwala amene samadziwa mlingo wake. Mitengo imene imaonetsa ndi ya masitolo akunja, si yotengera pa msika wa Dowa.

Kajambulidwe ndi komwe kumagwetsa ambiri. Wojambula apukute kaye galasi la kamera, atulutse katunduyo panja pamthunzi, ajambule chinthu chimodzi chokha, zolemba zonse zikuwerengeka, tsiku lotha ntchito lisabisike ndi chala. Chithunzi chomwe chadutsa m'mafoni angapo chimakhala chitafooka kale, bola kupempha chatsopano.

Pa mbewu nkhani ndi ina. Foni ikhoza kunena kuti uwu ndi mtedza, koma kusiyanitsa CG7 ndi Chalimbana mayi wa pamsika amaiposa kutali. Sidziwa ngati mtedzawo unanyowetsedwa kuti ulemere pa sikelo, ndipo poizoni wa chuku, amene amabwezetsa mtedza kwa ogula akuluakulu, saoneka pa chithunzi. Feteleza wosakaniza ndi mchenga amabwera m'thumba lenileni la kampani, choncho pulogalamuyo imangovomereza thumbalo. N'chimodzimodzi chimanga wamba chopakidwa utoto n'kuikidwa m'paketi ya mbewu.

Ndiye chithunzi chikhale chongoyambira kukambirana. Ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba idikire mpaka wogula, kapena munthu wake wodalirika, atapisa dzanja pansi pa thumba, kuluma njere ndi kuyeza pa sikelo yomwe akuidziwa. Pa mankhwala okayikitsa, mlangizi wa zaulimi wa m'deralo angathandize kutsimikiza ngati ndi ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board.