Kukwera mapiri a mchenga ku Sossusvlei

Funso: Ine ndi amuna anga tikufuna kukaona mapiri a mchenga a ku Sossusvlei, m'dziko la Namibia, mu Disembala. Iwo akuti tikabwereke galimoto yaing'ono, ndipo phiri tikakwere masana titadya. Kodi zimenezi n'zotheka?

Yankho: Mayi, galimotoyo ikakusiyani panjira. Kuchokera pachipata cha Sesriem pali msewu wa phula wa makilomita pafupifupi 60, koma makilomita 5 omaliza ndi mchenga wokhawokha, wofuna galimoto ya 4x4. Yanuyo mukaiimike pomwe phula lathera, mulipire magalimoto onyamula alendo omwe amadikira pamenepo.

Koma zokwera masanazo bambowo aziiwale. Disembala ndi nyengo yotentha kwambiri kumeneko, ndipo dzuwa likafika paliwombo mchenga umaotcha mapazi ngati phulusa lamoto. Chipata amatsegula dzuwa likamatuluka, choncho mukalawirire. Ogona mumsasa wa mkati mwa paki yomwe muli mapiriwa amaloledwa kunyamuka kukadali mdima. M'mawa mchenga umakhala wozizira, komanso mbali imodzi ya phiri imafiira pamene inayo ili mumthunzi. Kufiirako kumabwera ndi dzimbiri la chitsulo chomwe chili mumchengamo.

Yambani ndi phiri la Dune 45, lomwe lili m'mbali mwa msewu. Phiri lina la Big Daddy ndi lalitali mamita oposa 300, ndipo phazi lililonse limatitimira n'kubwerera m'mbuyo, moti ngakhale anyamata amafika pamwamba ali wefuwefu. Muziyenda pamsana pa phirilo, mukuponda m'mapazi mwa amene ali patsogolo. Tengani madzi ambiri, chipewa ndi nsapato zotseka. Ngati n'kotheka, ulendowu muusunthire pakati pa Meyi ndi Seputembala, kukamazizira.