Chitopa Chimasesa Nkhuku, Nanga Mbuzi Zimapulumuka Bwanji?

Dzuwa la Seputembala likayamba kuswa mtengo, ife a ku Dowa ndi Ntchisi timadziwa kale chimene chikubwera. Nkhuku zimayamba kusinza, zitosi n'kukhala zobiriwira, zina khosi kupindika, ndipo sabata isanathe khola latheratu. Koma mbuzi zogona pafupi ndi nkhukuzo zimadzuka zili bwinobwino. Ophunzira athu a Fomu 3 ndi 4, tiyeni tione chifukwa chake.

Chitopa chimayamba ndi vairasi, yemwe matenda ake anadziwika koyamba mu 1926 ku Java ndi ku Newcastle, ku England. Vairasi saberekana payekha. Ayenera kulowa mu selo yamoyo n'kuilamula kuti isiye ntchito yake, iyambe kupanga mavairasi ena. Choyamba amamatirira pakhungu la selo, pamene pali malo omuyenera ngati kiyi ndi loko. HIV ndi chitsanzo chodziwika: imagwira pa CD4, n'chifukwa chake imawononga maselo oteteza thupi, ndipo kuchipatala amawerenga CD4 yomweyo.

Ambiri pamayeso amalekera pa kiyi ndi loko, ndipo pamenepa ndi pamene amataya malikisi. Vairasi wa chitopa amamatirira pa mtundu wa shuga wopezeka pa maselo a nyama zambiri, ngakhale athu omwe. Kumatirira kokha sikukwanira. Ali ndi puloteni yotchedwa F imene imalumikiza khungu lake ndi la selo kuti alowe, koma imagwira ntchito pokhapokha enzaimu ya m'thupi itaidula kaye. Mwa vairasi waukali, F imadulidwa ndi furin, enzaimu yopezeka pafupifupi m'ziwalo zonse, choncho amafika mpaka ku ubongo. Khosi lopindika lija n'chimenecho. Mwa vairasi wofatsa, F imadulidwa ndi maenzaimu a m'njira yopumira ndi m'matumbo basi, ndipo amathera komweko. Atalowa mu selo ya munthu kapena mbuzi, chitetezo cha m'seloyo chimamugonjetsa msanga, pakuti zida zake zochitsekera zimagwira bwino mwa mbalame. Munthu wogwira nkhuku yodwala mwina maso angamufiire masiku ochepa.

Katemera wa I-2, wochokera ku Australia, amene amapangidwanso ku Lilongwe, ndi vairasi wofatsa uja wamoyo. Dontho limodzi m'diso la nkhuku, kubwereza pakatha miyezi inayi, thupi limaphunzira kumuzindikira osadwala. Amapirirako kutentha, n'chifukwa chake amafika ndi kumidzi yopanda filiji.

Ife nkhuku yofa yokha sitidya, koma chizolowezi chothamangira nazo kumsika wa Mponela kapena Malomo zikangoyamba kusinza chilipo pakati pathu. Wogulayo amanyamula vairasi waukali panjinga mpaka kukhola kwake. Holide ikubwerayi, funsani alangizi a ziweto a kwanu tsiku la katemera, chitopa chisanalowe m'mudzi, pakuti nkhuku yodwala kale katemera saichiza.