Intaneti Ikatsekedwa, Foni Ikalandidwa: Kabuku ka VPN ndi Ufulu Wanu

Kabukuka ndi ka amalonda amene amadutsa pa Songwe, pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Mchinji, madalaivala a mathiraki, ophunzira, ndi wina aliyense amene chakudya chake chimadalira foni. Talemba chifukwa chotopa. Anthu amatipeza foni itapita kale, m'manja mulibe kapepala, dzina la amene adailanda salidziwa, ndipo ena amakhala atapereka kale ndalama zimene sizidalembedwe m'lamulo lililonse.

Kutseka kuli pawiri

Mayiko otizungulira adatsekapo kale intaneti. Ku Zimbabwe boma lidazimitsa intaneti mu Januwale 2019 anthu atakwiya ndi kukwera mtengo kwa mafuta. Ku Zambia, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zidaleka kugwira ntchito pa 12 Ogasiti 2021, tsiku lovota lenilenilo. Ku Mozambique intaneti ya pafoni idadulidwa pa 25 Okutobala 2024, chisankho cha pa 9 Okutobala chitabutsa zionetsero. Ku Tanzania idazima pa 29 Okutobala 2025 n'kutha masiku angapo ili zii.

Nthawi zina amatseka masamba ochepa, ena onse n'kumagwira. Apa VPN imathandiza. Nthawi zina amazimitsa intaneti yonse, ndipo pamenepo palibe VPN ingakupulumutseni, poti nayonso imayenda pa intaneti yomweyo. Wina akakugulitsani pulogalamu yoti akuti imagwira ngakhale netiweki kulibe, dziwani kuti wakuberani.

VPN imagwira bwanji, nanga n'chifukwa chiyani ina imakana?

Mukatsegula Facebook, kampani ya foni imaona kumene mukupita, n'chifukwa chake ikalamulidwa imatha kukutsekerani. VPN imatenga zonse zotuluka m'foni yanu n'kuzimata ngati kalata ya mu envulopu. Envulopuyo imapita ku kompyuta ya kudziko lina, imene imaitsegula n'kukapereka uthenga kumene mumafuna. Kampani ya foni imangoona kuti envulopu yadutsa, zam'kati sizidziwa.

Koma otsekawo nawo adachenjera. Amasonkhanitsa maadiresi a makompyuta a VPN n'kuwatseka. Ali ndi makina amene amazindikira VPN pongoona kamatidwe kake, moti njira zotchuka monga OpenVPN ndi WireGuard zimagwidwa msanga ku China, ku Iran ndi ku Russia. Mu Julayi 2024 boma la Russia lidachititsa kampani ya Apple kuchotsa mapulogalamu angapo a VPN m'sitolo yake ya m'dzikolo. Ndiye opanga zidazi akhala akuzisintha kuti zisamaoneke kuti ndi VPN. Psiphon, imene idayambira ku yunivesite ya Toronto mu 2006, imayesa njira zosiyanasiyana yokha mpaka ipeze yotseguka. Tor ili ndi njira yotchedwa Snowflake, imene kwa woyang'anira imaoneka ngati anthu awiri akuimbirana foni ya kanema. Proton VPN idaonjezera Stealth mu 2022, yooneka ngati munthu akungotsegula tsamba wamba. Outline imalola m'bale wanu wa ku Johannesburg kapena ku Leeds kukonza kompyuta yakeyake n'kukutumizirani kiyi, ndipo poti adiresi yake imadziwika ndi anthu ochepa, sitsekedwa msanga.

Choncho ikani ziwiri kapena zitatu zosiyana, ndipo ikani lero zinthu zili bwino. Tsiku lotseka, nako kotengera mapulogalamuwo kumatha kuvuta.

Tengani ku Play Store, ku App Store kapena patsamba la eni ake. Musalandire yokutumizirani mnyamata wokonza mafoni pamsika. Mu 2016 akatswiri, ena mwa iwo a bungwe la CSIRO la ku Australia, adayeza mapulogalamu 283 a VPN a pa Android n'kupeza kuti 18 mwa 100 alionse sankamata n'komwe uthenga. Kumbukiraninso kuti bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha nthawi zambiri sigwira mukayatsa VPN, chifukwa kampani sikuonanso kuti muli pa WhatsApp. Foni imayamba kudya bandulo yaikulu kapena mayunitsi.

Kodi ndi mlandu?

Kuno ku Malawi kukhala ndi VPN pafoni si mlandu. Gawo 35 la Malamulo Aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo Gawo 21 limateteza chinsinsi chanu, kuphatikizapo zolankhulana pafoni. Wina akakuuzani kuti ndi mlandu, mufunseni mwaulemu kuti ndi lamulo liti, gawo lanji.

Zinthu ziwiri tisabise. Choyamba, mapulogalamu aja achinyamata amagwiritsa ntchito poba intaneti osagula bandulo ndi nkhani ina, kabukuka sikakuikira kumbuyo zimenezo. Chachiwiri, VPN sibisa zimene mwalemba. Anthu amangidwapo m'dziko muno pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Mnzanu wa m'gulu momwemo akajambula uthenga wanu n'kukaupereka, VPN ilibe chonena. Simukhadi yanunso idalembetsedwa m'dzina lanu.

Mukawoloka malire, malamulo a kuno amatsalira kuno. Mu Okutobala 2023 bungwe la TCRA, loyang'anira zamafoni ndi intaneti ku Tanzania, lidalengeza kuti ogwiritsa ntchito VPN azilembetsa, ndipo chilango chake chimayambira pa mashilingi 5 miliyoni kapena miyezi 12 m'ndende. Opita ku Kyela ndi ku Dar es Salaam, lingalirani musanawoloke mlatho wa Songwe, osati mutafika kale tsidya linalo. Mukamangidwa kunja, pemphani kuti adziwitse ofesi ya kazembe wa Malawi.

Akafuna foni yanu

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, ndiye tifatsepo.

Funso loyamba ndi ili: "Bwana, kodi ndamangidwa? Pa mlandu wanji?" Lamulo limalola apolisi kusecha munthu amene am'manga ndi kusunga zinthu zimene akuziona ngati umboni. Ngati simunamangidwe, funsani ngati ali ndi chikalata cha khoti cholola kusecha. Ngakhale pamene apolisi adatenga mafoni ndi makompyuta a atolankhani 14 a MBC mu Febuluwale 2024, adanyamula chikalata cha khoti. Inuyo amene mumagulitsa zitenje simuchepa kwa mtolankhani pamaso pa Gawo 21. Chikalatacho chiwerengeni, kapena pemphani wina akuwerengereni: dzina la khoti, tsiku, chidindo, dzina lanu, ndi zinthu zimene chikulola kutenga.

Akaumirira, musalimbane nawo ndi manja. Kukokerana foni kumabala mlandu watsopano, ndipo umenewo umakhala weniweni. Ingonenani momveka, pali anthu, kuti simukuvomereza kusechedwa. Musayambenso kufufuta zinthu iwo akuona, chifukwa adzati mukuononga umboni.

Kenako adzafuna nambala yotsegulira foni. Gawo 42 limati womangidwa ali ndi ufulu wokhala chete, wolankhula ndi loya paokha, ndiponso wosakakamizidwa kuvomera zinthu zimene zingakhale umboni womutsutsa. Yankhani kuti mukufuna kuonana ndi loya kaye. Adzati mukuchedwetsa ntchito. Adzati wosalakwa sabisa. Ena adzati mungotsegula pang'ono tione basi muzipita. M'fonimo muli Airtel Money kapena Mpamba wanu, zithunzi za ana anu ndi mauthenga a anthu ena amene sadalakwire aliyense. Ngati mulibe ndalama ya loya, bungwe la Legal Aid Bureau lidakhazikitsidwira inuyo.

Foni ikatengedwa, musachoke opanda pepala. Pepalalo likhale ndi mtundu wa foni, nambala ya IMEI, tsiku, nthawi, dzina ndi nambala ya ntchito ya amene watenga, siginecha yake, komanso nambala imene nkhaniyo yalembedwera m'buku la pakauntala. IMEI mumaipeza poimba *#06#, ndipo ilembeni lero m'kope la kunyumba pamodzi ndi lisiti yogulira foni. Popanda nambala imeneyi, foni yanu yangokhala "foni yakuda" m'kabati momwe muli mafoni akuda ambirimbiri. Akati mapepala atha, ng'ambani tsamba m'kope lanu, lembani nokha, asaine. Akakana kusaina, lembani kuti wakana, ndipo mboni imene muli nayo isaine.

Belo ya ku polisi ndi yaulere. Kubwezeredwa foni yanu ndi kwaulere. Kulibe "ya fanta", kulibe "ya mafuta a galimoto", kulibe "kangachepe ka bwana". Ndalama iliyonse yovomerezeka imakhala ndi lisiti ya boma. Dziwaninso kuti wopereka chiphuphu naye ndi wolakwa pamaso pa lamulo, ndiye mukapereka mwadzitsekera pakamwa nokha, ndipo wolandirayo amadziwa zimenezo. Lembani dzina, tsiku ndi mawu amene wanena, mukanene ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB.

Ngati akutsekerani, ayenera kukutengerani ku khoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa Loweruka, Lamulungu kapena pa holide. Ndi chifukwa chake kumangidwa Lachisanu madzulo kumapweteka. Uzani abale msanga kumene muli. Sitetimenti musasaine musanaiwerenge, kapena asanakuwerengereni m'chilankhulo chimene mumamva.

Kuitenganso

Konzekerani kumva kuti "mubwere mawa", "amene ali ndi kiyi atuluka", "faelo sikuoneka", "foni idapita ku likulu". Musamangopita n'kukapempha pakamwa. Lemberani mkulu wa polisiyo kalata yopempha katundu wanu, muchite fotokope, ndipo pakope yanu adindepo chidindo ndi tsiku. Pepala loyamba lija musalipereke kwa wina aliyense, perekani fotokope. Mapepala oyambirira ndiwo amakonda kusowa. Zikakanika, loya angapemphe khoti kuti lilamule kuti foni ibwezedwe, ndipo dandaulo lokhudza khalidwe la wapolisi limapita ku Independent Complaints Commission kapena ku Malawi Human Rights Commission. Foni ikabwerera, sinthani mapasiwedi onse tsiku lomwelo.

Kudandaula za kutsekedwa kwa intaneti

Kutseka kumatheka kukutsutsa, ndipo ena adapambanapo. Pa 21 Januwale 2019 khoti lalikulu ku Zimbabwe lidagamula kuti nduna Owen Ncube idalibe mphamvu yolamula kuti intaneti izimitsidwe. Ku Zambia bungwe la Chapter One Foundation lidasumira ZICTA, bungwe loyang'anira zamafoni ndi intaneti kumeneko, chifukwa cha kutseka kwa 2021 kuja, khoti lidalamula kuti masamba atsegulidwe, ndipo mu Malichi 2022 ZICTA idavomera pamaso pa khoti kuti intaneti ikasokonezeka izifotokozera anthu chifukwa chake pasanathe maola 36.

Milandu yotere imafuna umboni, poti kawirikawiri eni ake amangoti ndi vuto la netiweki. Lembani tsiku, nthawi, malo ndi kampani. Jambulani zimene foni ikuonetsa. Pulogalamu yaulere ya OONI Probe imayeza ngati tsamba latsekedwa dala, koma zotsatira zake zimaikidwa poyera, ndiye kudziko la eni ganizani kawiri musanaiyatse.

Kuno kwathu yambani ndi kampani ya foni, mutenge nambala ya dandaulo, kenako MACRA. Lamulo la Access to Information, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, limakulolani kufunsa polemba kuti adalamula ndani komanso pa lamulo liti, ndipo ayenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Masikuwo amawerengedwa kuyambira tsiku limene alandira kalata, choncho musatuluke mu ofesimo kope yanu isanadindidwe. Masiku 15 akadutsa kuli chete, pemphani kaye ofesiyo kuti iunikenso pempho lanu; zikakanika, tengani kope yodindidwayo mupite nayo ku Malawi Human Rights Commission, imene imayang'anira lamuloli.