Kusankha mashoko a pikapu ndi magalimoto okwera: mafunso ndi mayankho

Kabukuka nka eni ma Hilux, Hardbody, Isuzu, Ranger, Prado ndi Land Cruiser, magalimoto amene amakalambira m'misewu ya fumbi ndi m'maenje a pa M1. Mafunsowa ndi amene amamveka kawirikawiri pagalaja ndi m'mashopu a masipeya.

Pikapu yanga yakhala pansi kumbuyo. Ndikagula mashoko olimba idzuka?

Ayi, sidzuka. Apa mpamene anthu ambiri amatayira ndalama. Chonyamula galimoto ndi katundu wake ndi masipuling'i: malifu a kumbuyo kwa pikapu, kapena makoyilo ozungulira aja. Ngati kumbuyo kwagwa, ndiye kuti malifu atopa kapena lina lathyoka, ndipo ofunika kukonzedwa ndi amenewo. Shoko yatsopano mukaimanga pa malifu otopa imagwira ntchito ili yofinyika kale, imagunda pansi pa bampu iliyonse, ndipo sichedwa kutha.

Pikapu zambiri za mtundu wa Hilux zinapangidwa kuti zizinyamula pafupifupi tani imodzi, kuwerengera ndi anthu omwe. Amenewo ndi matumba a chimanga osakwana 20 a makilogalamu 50, dalaivala atakwera. Amene amakweza 35 ndi anthu pamwamba pake, palibe shoko padziko imene ingamuthandize. Kuwonjezera malifu kumadzutsa bodi, koma mabuleki, ekiselo ndi chasisi zimakhala zomwe zija.

Nanga shoko ntchito yake nchiyani?

Kuletsa sipuling'i kudumphadumpha. Tayala likagunda bampu, sipuling'i imafinyika kenaka nkubwerera mwamphamvu, ndipo itasiyidwa yokha ingapitirize kutero kangapo. M'kati mwa shoko muli oyilo ndi pisitoni yokhala ndi timabowo ndi mavalavu. Pisitoniyo ikamakwera ndi kutsika imakankha oyilo kudutsa m'timabowoto, ndipo mphamvu ya kudumpha kuja imasanduka kutentha. Zotsatira zake tayala limakhala lomamatira pansi. Tayala limene lili m'malere silimva buleki, silimvanso chiwongolero, choncho nkhani ya mashoko si ya kukoma kwa ulendo kokha.

Ndingadziwe bwanji kuti anga atha?

Mashoko amatha pang'onopang'ono, moti mwini galimoto amazolowera osazindikira. Mvetserani izi: mphuno ya galimoto kugwa kwambiri mukaponda buleki, bodi kupendekeka pakona, kumbuyo kuthawira m'mbali mukafika pa msewu wa fumbi wa timizere topingasa. Yendetsani dzanja pa tayala; ngati ladyeka m'zigawozigawo, pena pokwera pena potsika, tayalalo lakhala likudumpha. Suzumirani pansi: kachinyezi kochepa ka oyilo pamwamba pa shoko sikodetsa nkhawa, koma oyilo wotsetsereka mpaka m'munsi, fumbi litamatirira, ndiye kuti silo yaphulika.

Kukankha bodi ndi manja nkuona ngati idumpha kumathandiza pa galimoto zazing'ono. Pa pikapu ya malifu olimba simuona kanthu. Njira yabwinopo ndi iyi: mukayenda mtunda m'msewu woipa, imani ndi kukhudza shoko iliyonse mosamala, poti ikhoza kuotcha. Yogwira ntchito imakhala yofunda. Imene yazizira pamene inzake yatentha, yafa.

Kugogoda kokha sikutanthauza kuti shoko yatha. Nthawi zambiri amakhala mabushi a labala, omwe mtengo wake ndi wochepa.

Amatha pa makilomita angati?

Makampani ngati Monroe ndi KYB amalangiza kuganizira zosintha pa makilomita 80,000. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku m'misewu ya kumudzi ikhoza kuwamaliza isanafike pamenepo.

M'shopu amandifunsa kuti "a gasi kapena a oyilo?" Ndiyankhe chiyani?

Onse ali ndi oyilo. Otchedwa a gasi anawonjezeramo mpweya wa nayitrojeni wopanikiza oyiloyo. Chifukwa chake nchakuti shoko ikagwira ntchito mothamanga kwa nthawi yaitali, oyilo amatentha nkuchita thovu, ndipo pisitoni imangodutsa m'thovumo popanda choigwira. Nchifukwa chake galimoto imene inanyamuka bwino ku Rumphi imayamba kuyandama isanafike ku Nyika, nkudzakhalanso bwino mawa lake mashoko atazizira. Nayitrojeni amachedwetsa thovulo. Kwa galimoto yolemera ya m'misewu yathu, a gasi ndi amene ndingasankhe.

Funso lachiwiri, limene ogulitsa ambiri safunsa, ndi la kapangidwe. Pali a mapaipi awiri, ina m'kati mwa inzake, ndi a paipi imodzi. A paipi imodzi, monga ambiri a Bilstein a ku Germany, amataya kutentha msanga chifukwa oyilo ali pafupi ndi mphepo ya kunja, ndipo gasi ndi oyilo zinalekanitsidwa. Vuto lake ndi mwala: ukabonyola paipiyo, pisitoni imakakamira, poti imayenda momwemo. A mapaipi awiri amapirira kubonyoka chifukwa paipi yakunja imatchinjiriza yam'kati, amakhala ofewa pang'ono, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Mashoko a kumbuyo ndi amene amalandira miyala yothamangitsidwa ndi matayala a kutsogolo, choncho amene wasankha a paipi imodzi aonetsetse kuti ali ndi chotchingira.

Ndiye abwino kwambiri ndi ati?

Zitengera ntchito imene galimoto yanu imagwira masiku ambiri. Ambiri timagula poganizira ulendo umodzi wa pa Khirisimasi, pamene galimotoyo chaka chonse imangoyenda yopanda katundu pakati pa Area 25 ndi m'tauni. Galimoto yotere mashoko ofanana ndi amene inabwera nawo amaikwanira: a kampani yake yeniyeni, kapena a KYB a ku Japan, Monroe, kapena Gabriel, amene ambiri amachokera ku South Africa. Kuimanga mashoko olimba kwambiri nkudzipweteka msana, ndiponso pikapu yopanda katundu yokhala ndi mashoko ouma imaterereka kumbuyo pa msewu wa timiyala.

Galimoto ya kumunda, ambulansi, kapena ya bungwe yokwera ku Livingstonia ndi kutsika ku Nsanje ndi katundu, imafuna mashoko onenepa okhala ndi oyilo wambiri, kuti asatenthe msanga. Old Man Emu ndi Ironman, onse a ku Australia, anadziwika pa ntchito imeneyi. Iwowa amagulitsa mashoko ndi masipuling'i ogwirizana malinga ndi kulemera kumene galimoto imanyamula nthawi zonse, monga bulubala, winchi kapena thanki yoonjezera. Kugula shoko yawo yokha nkusiya malifu akale nkulipira mtengo wonse kuti mulandire theka la phindu.

Dzina la galimoto silokwanira pogula?

Silokwanira. Hilux ya chaka cha 2003 yokoka ndi magudumu onse anayi ili ndi tosheniba kutsogolo ndi shoko yapayokha. Kuyambira 2005 koyilo inazungulira shoko. Pitani ndi nambala ya chasisi yonse. Zilembo za mtundu wa galimoto, monga KUN26, GUN125, KDJ120 kapena HZJ79, ndi zimene wogulitsa wodziwa ntchito amayang'ana m'buku lake. Izi nzofunika kwambiri pa magalimoto obwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, poti nthawi zina amasiyana ndi ofanana nawo ochokera ku South Africa. Ma Prado ena ali ndi mashoko olumikizidwa ku kompyuta ndi zibaluni za mpweya kumbuyo. Mukaona waya pamutu pa shoko, funsani kaye musanagule wamba.

Ngati galimoto inakwezedwa, nenani kuti ndi mamilimita angati. Yokwezedwa ndi mamilimita 50 imafuna shoko yotalikirapo. Yaifupi imakokeka mpaka kudula diso lake kapena bulaketi.

Yatha ndi imodzi. Ndingasinthe yokhayo?

Sinthani awiri a ekiselo imodzi, a kutsogolo onse kapena a kumbuyo onse, ndipo akhale a mtundu umodzi. Yatsopano kumanja ndi yotopa kumanzere zimakokera galimoto kumbali mukaponda buleki mwadzidzidzi.

Nanga ogwiritsidwa kale ntchito, kapena othiridwanso oyilo?

Shoko yochotsedwa ku galimoto ina siuza munthu makilomita amene yayenda, ndipo kuikoka ndi manja sikufanana ndi zimene imakumana nazo pansi pa galimoto ya matani awiri. Yoboola nkuthiramo oyilo imalimba masabata ochepa, chifukwa silo ndi mavalavu zimakhala zakale zomwe zija. Kuboola ya gasi nkoopsanso. Mashoko wamba anapangidwa osatsegulidwa.

Chenjeraninso ndi achinyengo ovala bokosi la kampani yodziwika. Nambala ya pa bokosi ifanane ndi yolembedwa pa shoko, kuotcherera kwake kukhale kosalala, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani. Pemphani lisiti ndi galanti. Shoko ya gasi yatsopano nthawi zambiri imabwera yomangidwa ndi kalamba, ndipo mukamasula imadzitambasula yokha. Ya oyilo yokha sitero, ndipo pamenepo palibe cholakwika.

Amakaniko akamamanga ndiyang'ane chiyani?

Asagwire chitsulo chonyezimira cha pisitoni ndi pulayala. Kachilonda kakang'ono pamenepo kamadya silo m'masiku ochepa. Shoko ya mapaipi awiri aiimiritse ndi kuipopa kangapo asanamange. Aike mabushi atsopano, ndipo mabawuti a m'mabushi awamalizitse galimoto itatsitsidwa pa jeke, itaima pa matayala ake. Akamangitsa ili m'malere, labala imapotoka nkung'ambika msanga. Koyilo ya kutsogolo kwa Hilux, Ranger kapena Prado yatsopano imafuna chofinyira chake chenicheni, osati zingwe kapena waya, poti ikapulumuka imathyola munthu. Akamaliza a kutsogolo, pitani mukachititse alayimenti musanayambe ulendo wautali.