Cipatala Cimakonzekela Ngozi Isanafike

Mvula ikayamba mu November, anthu ambili m'boma la Lundazi amaganiza za mbeu ndi feteleza. Koma anyanchito a zaumoyo amakhala ndi funso lina: kodi odwala makumi atatu atafika pa cipatala tsiku limodzi, angagonekedwe kuti, ndipo angawaone ndani?

Funso limeneli si la masewela. Mu January 2023 kolela inabuka ku Vubwi, m'cigawo comwe cino ca kum'mawa, pamene ku Malawi matendawa anali kupha anthu ambili. Lundazi nayenso ali m'malile, ndipo anthu amaoloka pa Lusuntha tsiku ndi tsiku kupita ku Mzimba. Kuyambila mu October 2023 kolela inafalikila m'Zambia, niigwila anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700. Ku Lusaka zipatala zinadzala, kotelo kuti mu January 2024 boma linasandutsa bwalo la mpila la National Heroes kukhala malo ocilitsila odwala.

Ku Lundazi kulibe bwalo lotelo, ndipo cipatala cacikulu ca Chipata Central cili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Munthu wa kolela akhoza kufa m'maola ocepa cabe cifukwa ca kutha madzi m'thupi. Motelo nchito ya maola oyamba iyenela kugwilidwa konkuno: pa cipatala ca boma ca Lundazi, pa makiliniki a m'midzi, ndi pa cipatala ca mishoni ca Lumezi, ngakhale kuti Lumezi anakhala boma lapalokha mu 2018.

Kukonzekela kumayamba ndi zinthu wamba. Pamafunika malo apadela kutali ndi mawodi ena, mabedi oboola pakati okhala ndi ndowa pansi, madilipi, klolini ndi magolovesi. Pamafunikanso kudziwilatu namwino ndi dotolo amene angaitanidwe usiku, ndi mafuta a ambulansi ndi a jeneleta. Za jeneleta ena angaziyese zazing'ono, koma cilala ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambili pa tsiku. Filiji ya magazi ndi makina a mpweya sizidziwa kudikila. Ngozi ikakula kuposa mphamvu za boma limodzi, thandizo limacokela ku Unduna wa Zaumoyo ndi ku DMMU, nthambi yoona za ngozi imene ili pansi pa ofesi ya waciwili kwa mtsogoleli wa dziko.

Cinthu cimene cimakwiyitsa acibale kwambili ndi ici: pa nthawi ya ngozi, woyamba kufika sakhala woyamba kuonedwa. Lole ikagubuduka ndi anthu ocokela ku msika, namwino amaima pakhomo ndi kusankha ovulala mofulumila. Amene akulephela kupuma kapena akutaya magazi ambili amalowa nthawi yomweyo. Zipatala zambili zimamuika cizindikilo cofiila. Wothyoka mwendo koma akupuma bwino amapatsidwa cacikasu, ndipo angadikile pang'ono. Amene akuyenda yekha ndi zilonda zazing'ono ndi wobiliwila, adzathandizidwa pambuyo. Kawili-kawili wokuwa kwambili ndiye ali ndi mphamvu, pamene wagona cete pakona ndiye ali pafupi kufa. Wacibale amene akoka namwino dzanja kuti aone m'bale wake coyamba amaganiza kuti pali tsankho, koma akucedwetsa thandizo la munthu amene watsala ndi mphindi zocepa.

Mabanja a m'makomboni nawonso ali m'cikonzelo cimeneci. Munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi okha-okha ooneka ngati otsukila mpunga, apatsidwe ORS nthawi yomweyo. Ngati paketi palibe, banja litenge lita imodzi ya madzi owilitsa, liikemo masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcele. Wodwala azimwa pang'ono-pang'ono ali pa njila yopita ku cipatala, osadikila kuti kuce. Mwana woyamwa apitilize kuyamwa. Wodwala amene wafika msanga nthawi zambili amacila ndi ORS yokha, ndipo dilipi imasungidwila amene wafooka kwambili.

Wopelekeza akhale mmodzi kapena awili. Mwambo wakuti mudzi wonse upite kukaona wodwala ndi wabwino masiku ena, koma pa mlili umatsekeleza njila ya ambulansi ndi kunyamulila matenda kunyumba. Maliro a munthu wakufa ndi kolela nawonso amasiyana: acibale sasambitsa mtembo, a zaumoyo ndiwo amaukonza ndi klolini, ndipo uikidwa msanga popanda kuphika cakudya ca anthu ambili.

Pali cinthu cimodzi cimene cipatala sicingagule m'sitolo: magazi. Ambili amene amapeleka magazi m'Zambia ndi ana a sukulu za sekondale, ndipo masukulu akatseka mu December magazi amacepa, pa nthawi yomwe malungo ndi ngozi za pamseu zimaculuka. Magazi osungidwa m'filiji amakhala milungu isanu kapena isanu ndi umodzi cabe. Munthu wathanzi wa zaka 16 kufika 65, wolemela makilogilamu 50 kapena kuposa, angapite ku cipatala kukafunsa tsiku limene otenga magazi adzabwela.