Banja la a Yarrow ndi sitima ziwiri za Ilala

Khalani chete ana inu, tsekani mabuku. Amene munakwerapo basi ya ku Blantyre mukudziwa kuti tikachoka kuno ku Manjawira timakawoloka Shire pa Zalewa. Chigawo chimenecho cha mtsinje n'cha mathithi, sitima singadutsepo. Nanga sitima yoyamba inafika bwanji pa nyanja yathu mu 1875?

Nkhaniyi iyambira ku Poplar, mu mzinda wa London, kumene mnyamata wina dzina lake Alfred Yarrow anatsegula kampani mu 1865, ali ndi zaka 23 zokha. Ankapanga timaboti toyendera nthunzi. Makina akewo sanali ovuta kumvetsa. Mumasonkha moto pansi pa boyila, madzi n'kuwira, nthunzi n'kusowa potulukira monga imachitira mu mphika wovundikira, ndiye imakankha pisitoni, pisitoniyo n'kuzunguza chopalasira madzi. Kuno mafuta ake zinali nkhuni basi.

Koma luso lenileni la Yarrow, mmene ndikuonera ine, linali kupanga sitima yomasula. Amishoni a ku Scotland atafuna sitima, anawapangira Ilala ya zidutswazidutswa zomangira ndi mabawuti. Dzinalo n'la dera la ku Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. A E. D. Young ndi Dr Robert Laws anayenda nayo mu Zambezi ndi mu Shire, ndipo atafika pa mathithi anaimasula. Anthu mazanamazana a m'dziko muno anasenza zitsulozo pamutu, dzuwa lili phwee, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, mpaka kumtunda kwa mathithi kumene anaimanganso. Pa 12 Okotobala 1875 inalowa m'nyanja, ulendo wa ku Cape Maclear. Mabuku amatchula Young ndi Laws. Atengatenga aja, omwe mapewa awo anasupuka, amangowawerenga ngati nambala, ndipo ine zimenezi sizindikomera.

Kampaniyo inakula. Mu 1890 inapanga sitima zankhondo za Mosquito ndi Herald zomwe Angerezi anaika pa Zambezi ndi Shire, choncho musaganize kuti zonse zinali za Uthenga Wabwino. Kenaka inasamukira ku Scotstoun, ku Glasgow. Alfred atamwalira mu 1932 n'kuti mwana wake Harold atagwira kale chiwongolero, ndipo pambuyo pake mdzukulu, Eric, anatenga udindo, ndipo mu nthawi yakeyo boma la Britain linatenga kampani zopanga sitima mu 1977.

Mu nthawi ya Harold, mu 1949, anapanga Ilala yachiwiri, imene ikuyendabe pakati pa Monkey Bay ndi kumpoto. Iyi ndi ya dizilo, osati ya nthunzi. Nayonso inabwera yomasula, koma ulendo uno pa njanji kuchokera ku Beira, kudutsa pa Balaka apa, ndipo inayamba ntchito mu 1951.

Tsopano tengani makope, mujambule boyila, pisitoni ndi chopalasira, muonetse ndi mivi njira ya nthunzi.